Kodi Boma Likakondera Mwana wa ku Lifidzi, Lalakwa?

Kukondera ndi mawu onyansa m'makutu mwathu. Mfumu yokondera pabwalo imataya ulemu, kholo lokondera limadanitsa ana ake. N'chifukwa chake ambiri amati chilungamo cha boma pa maphunziro n'kupereka zofanana kwa aliyense: buku limodzi, chiyankhulo chimodzi, mayeso amodzi, kuchokera ku Maputo mpaka ku Lifidzi m'mapiri a Angónia, m'chigawo cha Tete. Maganizowa ndi okoma kumva, koma ndi olakwika. Mayi wa ana awiri amachezera usiku wonse pamphasa ya wodwala, wathanziyo ali m'tulo, ndipo palibe amamunena kuti wakondera. Chilungamo chimayamba chafunsa pamene munthu aliyense waima, kenako n'kugawa.

Nanga mwana wa ku Lifidzi waima pati? Sukulu inafika kumeneko ndi ansembe a Chijezuiti, amene anatsegula mishoni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Pangano la Portugal ndi Vatican la 1940, pamodzi ndi lamulo la amishoni la 1941, linasiya maphunziro a anthu akuda m'manja mwa mishoni zachikatolika, pamene sukulu zaboma zinali makamaka za ana a azungu ndi a anthu akuda ochepa otchedwa assimilados. Mwana wa mlimi ankapatsidwa katekisimu, Chipwitikizi pang'ono ndi khasu. Pofika ufulu mu 1975, anthu oposa 90 pa 100 alionse sankatha kuwerenga. Boma la Samora Machel linatenga sukulu zonse pa 24 July chaka chomwecho, koma posakhalitsa nkhondo inabuka, sukulu zambiri zinatsekedwa, ndipo mabanja a ku Angónia anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Kutsalira kwa dera lotere sikunagwe ngati matalala. Kunapangidwa ndi malamulo ndi mfuti, ndipo choonongedwa ndi lamulo chiyenera kukonzedwa ndi lamulo. Boma likaonjezera gawo la mwana ameneyu silikupereka mphatso, likubweza ngongole.

Ena anganene kuti ngongoleyo inabwezedwa kale. Ndalama zolembetsera kupulayimale zinathetsedwa, ndipo lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9. Zoona, chitseko chinatseguka. Koma talingalirani kamwana ka zaka zisanu ndi chimodzi kamene kakulira m'munda wa chimanga ndi kachewere, kodziwa nthano, zilapi ndi mayina a ng'ombe zonse m'khola, zonsezo m'Chichewa. Tsiku loyamba mphunzitsi akuyankhula Chipwitikizi. Mnzake wa mumzinda wa Tete, amene amamva Chipwitikizi kunyumba ndi pa wailesi yakanema, ali ndi ntchito imodzi, yophunzira kuwerenga. Uyu ali ndi ziwiri, kuwerenga ndi kulota zimene zikunenedwa. Kalembera wa 2017 anaonetsa kuti Chipwitikizi ndi chiyankhulo chobadwa nacho cha anthu osakwana mmodzi mwa asanu alionse. Boma lenilenilo linayesa njira ina pakati pa 1993 ndi 1997, pophunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, ndipo zotsatira zake zinachititsa kuti maphunziro a ziyankhulo ziwiri avomerezedwe kuyambira 2003. Njirayi imadya ndalama zambiri, pakuti imafuna mabuku akeake ndi aphunzitsi osulidwa mwapadera. Kukondera kumene tikunena ndi kumeneku.

Chitsutso cholemera chimachokera kwa makolo eniake. Iwo amati Chichewa mwana wachipeza kale pakhomo, kusukulu tamutumiza kuti akatenge Chipwitikizi cha ntchito, cha kuchipatala ndi cha kukhoti. Nkhawa yawo si yachabe, chifukwa anthu amene anamanidwapo maphunziro enieni amakayikira chilichonse chooneka ngati sukulu ya amphawi. Koma njirayi siichotsa Chipwitikizi. Imayamba ndi chimene mwana akudziwa, Chipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono mpaka kukhala chophunzitsira m'makalasi apamwamba. Luso lowerenga munthu amaliphunzira kamodzi, ndipo wolidziwa m'chiyankhulo chake amasamuka nalo. Choopsa chenicheni ndi sukulu yongotchedwa ya ziyankhulo ziwiri, mabuku kulibe, mphunzitsi wosadziwa kulemba chiyankhulocho. Zikatero makolo aja alondola, ndipo wolakwa ndi boma.

Palinso wofunsa kuti mwana wa m'tauni walakwanji kuti gawo lalikulu lipite kwa mnzake. Sanalakwe, monganso wa ku Lifidzi sanalakwe pobadwira kumene anabadwira. John Rawls, m'buku lake la 1971 lonena za chilungamo, anapempha munthu kuti aganize zosankha malamulo a dziko asanadziwe kuti adzabadwira m'nyumba ya nduna kapena ya mlimi, adzakhala mnyamata kapena mtsikana. Wosankha motero sangavomere lamulo ngati lija la 2003 lokankhira atsikana apakati ku makalasi ausiku, lomwe linathetsedwa mu 2018, poti kumudzi kopanda magetsi sukulu yausiku kulibe. Akhristu a ku Lifidzi amadziwanso fanizo la antchito a m'munda wamphesa mu Mateyu 20. Olembedwa madzulo analandira malipiro ofanana ndi a m'mawa, ndipo chimene timaiwala n'chakuti anatandala tsiku lonse osati chifukwa cha ulesi, koma poti panalibe wowalemba.

Tsono aphungu oimira Tete ku nyumba ya malamulo asachite manyazi kupempha gawo loposa. Afunse poyera kuti mabuku a Chinyanja afika angati m'sukulu za Angónia, ndiponso kuti aphunzitsi odziwa kuwagwiritsa ntchito atumizidwako angati.