Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Nkhono ukaidzidzimutsa imabweza maso m'chigoba. Wofuna kuwaona amakhala phee mpaka iwatulutse yokha. Mwambi umenewu ndimaumvetsa ndikakumbukira malemu atsibweni anga, makaniko wa pa Katete amenenso ankasema mitondo ndi mipini.

Kumapeto kwa Ogasiti, nthawi ya mwambo wa Kulamba, magalimoto a Achewa a m'Zambia, a ku Malawi ndi a ku Mozambique amadzaza njira ya ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi. Ena ankafika injini itatentha, ena akukankhidwa. Atsibweni sankathamangira sipanala. Ankangoti, "Tailiza, mphwanga," n'kutchera khutu kwa nthawi yaitali. Kenako ankagwira kawaya kamodzi, basi galimoto n'kudzuka. Madalaivala ankaona ngati akuchedwa. Ine ndimati ndiwo ankafulumira, chifukwa sankamasula chinthu kawiri, ndipo mlendo sankagula chitsulo chimene sichinawonongeke.

Kudekhaku anakuphunzira kutchire. M'mapiri a Mphangwe ankatsatira nsadzu mwakachetechete mpaka kukafika pa njuchi, akafula uchi n'kuisiyirako mbalameyo. Mtengo wa mpini ankayamba augogoda, n'kuusiya uume bwino asanauikepo kasemasema.