Mbusa Akachoka: Za Ambuye Patrick Kalilombe

Patrick Kalilombe, mwana wa ku Mua, atadzozedwa kukhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, anayamba ntchito yooneka ngati yopanda chiopsezo: kulimbikitsa miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana tokumana kuti tipemphere ndi kukambirana za moyo wawo. Koma m'dziko la chipani chimodzi, anthu osonkhana popanda tcheyamani wa nthambi ankakayikiridwa. Boma la Dr Banda linaona miphakatiyo ngati chipani china chobisala m'tchalitchi. Mu 1976 Kalilombe anatuluka m'dziko, ndipo mu 1979 anatula pansi udindo.

Kodi kumeneku kunali kuthawa? Funsoli n'lakale mu Mpingo wa mu Afrika. Cyprian wa ku Carthage anabisala pa chizunzo cha Decius mu 250, ena namunena kuti ndi wamantha, ngakhale anadzaphedwa chifukwa cha chikhulupiriro mu 258. Augustine wa ku Hippo, polembera episkopi Honoratus, anasiyanitsa zinthu ziwiri: ngati adani akufuna mbusa yekha, angathe kuchoka bola pakhale ena osamalira nkhosa, ngati tsoka lagwera onse, ayenera kukhala. Iye mwini anamwalira mu 430 mzinda wake utazingidwa ndi a Vandal.

Muyeso umenewu ukumasula Kalilombe, pakuti ofunidwa anali iye, ndipo kukakamira kwake kukanaika pamoto akatekisti ndi atsogoleri a miphakati, anthu opanda Roma wowalankhulira. Komabe suthetsa nkhani yonse. Episkopi anali ndi kopita: ku Berkeley kukachita maphunziro a udokotala, kenaka ku Selly Oak, mu Birmingham. Mayi wa ku mphakati wa kumudzi analibe pasipoti. Anatsala ndi khadi la chipani ndi mantha ake. Chitetezo chimene kuchoka kwa mbusa kunam'patsa chinabwera pamodzi ndi phunziro lowawa, lakuti ngakhale episkopi angachotsedwe.

Chovuta kuchikana n'chakuti chiphunzitso chake chomwe chinkanena kuti Mpingo suyenera kutsamira pa munthu mmodzi. Miphakati inakhalapobe iye kulibe, ndipo kalata ya maepiskopi ya 1992 itawerengedwa m'matchalitchi, inagwera m'makutu a anthu ozolowera kukambirana. Kalilombe anabwerera kwawo ulamuliro wa Banda utatha, naphunzitsa ku Chancellor College, ku Zomba. Anamwalira mu 2012.