Musanakonze Kalata, Funsani Mthenga

Lolemba m'mawa, mayi wa ku akaunti wayatsa kompyuta, walemba pasiwedi, koma drive H: yomwe amasungamo ntchito yake sikuoneka. Foni ya wa IT yayamba kulira: "Achimwene, mafayilo anga asowa!" Chonsecho mafayilowo ali phee pa seva. Chomwe sichinayende ndi login script, kafayilo ka malamulo komwe kamalumikiza munthu ku mafoda ake akangolowa pa netiweki.

Apa ndi pomwe ambiri a ife timapupuluma. Timatsegula script ija n'kuyamba kusintha mizere yomwe yatumikira zaka zambiri popanda dandaulo. Ine ndimaona kuti script ili ngati kalata: ikapanda kuwerengedwa, funso loyamba n'lakuti kodi mthenga anafika nayo?

Njira ya mthengayo ndi yaitali. Pa Windows, script imakhala mu NETLOGON kapena SYSVOL pa seva yotchedwa domain controller. Kompyuta imaipeza sevayo kudzera pa DNS, ndiye wina akailozetsa ku DNS ya kunja kuti intaneti izithamanga, sevayo siipezekanso. Palinso wotchi. Kerberos, yomwe imatsimikizira kuti wolowayo ndi mwiniwake, siilola kuti nthawi ya kompyuta ndi ya seva zisiyane kupitirira mphindi 5. Kabatire ka wotchi kakatha mphamvu, chitseko chatsekeka.

Nthawi zina palibe n'chimodzi chomwe chafa. Windows 8.1, yomwe inatuluka mu 2013, inabwera ndi chizolowezi chodikira mphindi 5 isanayendetse script ya Group Policy. Ndiponso kuyambira pa Windows XP, kompyuta imatha kumulowetsa munthu netiweki isanakonzeke. Kwathu kuno izi zimaluma kwambiri: magetsi akathima n'kuyakanso, makompyuta a pa desiki amadzuka msanga seva ikadali kudziwongola. Munthu walowa, koma womupatsa kalata sanadzuke.

Wina anganene kuti mayi uja ali ndi malipiro oti akonze, sangadikire kafukufuku wathu. N'zoona, ndipo kumulumikiza pamanja ndi lamulo la net use si tchimo. Tchimo ndi kuchoka pa desiki yake n'kumati vuto latha. Mawa lidzatulukira kwa wina, ndipo pakutha pa chaka aliyense adzakhala ndi chigamba chakechake chomwe palibe akuchikumbukira.

Kufufuzako sikutenga nthawi n'komwe. Yendetsani scriptyo pamanja muli pa akaunti ya wodandaulayo. Ikayenda, ilibe mlandu. Kenako gpresult ikuuzani ngati lamulo linamufika, ndipo mukatero onani wotchi, DNS ndi chilolezo chowerenga fodayo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene wasintha script yosalakwa wadzipatsa mavuto awiri: lakale lija likadalipo, ndipo latsopanoli walilemba yekha.