Chonona Chifumira Kudzira

Akuluakulu adati chonona chifumira kudzira, ndipo mwambiwu umasiyanitsa anyamata awiri oyenda ndi legeni m'minda ya nandolo ku Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje. Wofuna ndiwo akapha njiwa imodzi kapena ziwiri amabwerera kwawo, pakuti mphika uli ndi malire. Wongoyesa dzanja alibe poimira. Ena amati njiwa ikafa yafa, cholinga chilibe kanthu. Ayi. Njiwa zimaikira mazira awiri okha, ndipo yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kufungatira ndi kudyetsa maunda. Imodzi ikalasidwa, chisa chimazizira. Wanjala nayenso amaziziritsa chisa, n'zoona, koma banja lake ladya. Wosewera amasiya mbalameyo m'tchire, linthumbu n'kuidya, iye n'kumatola mwala wina.