Mutu ukakula sulewa nkhonya

Pa ndewu ya zibakera, wamutu waung'ono amakhala ndi mwayi. Akangowerama pang'ono, nkhonya imadutsa m'mbali mwa khutu n'kukathera m'malere. Wamutu waukulu mwayi umenewu alibe. Apendekere uku, apendekere uko, mbali ina ya mutuwo imakhala ikadali panjira. Apa ndi pamene makolo adatenga mwambi wakuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo tanthauzo lake silofuna kukumba. Munthu akakula, kaya ndi msinkhu, udindo kapena chuma, mavuto a anthu amalunjika pa iye, ndipo kothawira alibe.

Mwambiwu umamveka bwino m'midzi imene mbumba imayang'aniridwa ndi malume, monga mwa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe. Mnyamata akapereka mimba, akuchikazi safunsa za bambo ake. Amafunsa kuti mwinimbumba ndani, ndipo mlandu umakatulidwa pakhomo pa munthu amene usiku wa tchimolo adali gone m'nyumba mwake. Mbuzi za mlongo zikadya chimanga cha eni, woitanidwa ku bwalo ndi yemweyo. Banja likagwedezeka pakati pa usiku, amene amagogodedwa ndi ankhoswe. Maliro akagwa, uthenga umayamba wafika kwa mfumu, ndipo manda sakumbidwa iyo isanalankhule. Tsono wamkuluyo akayamba kung'ung'udza kuti watopa, wina amamuyandikira n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pepani atsibweni, mutu ukakula sulewa nkhonya." Mawuwa ndi chipepeso, komanso ndi chitseko chimene chatsekedwa mwaulemu. Akutanthauza kuti takumvani, koma nyamukani muzipita.

Kale zimene mbumba inkafuna kwa wamkulu wake zidali nthawi, miyendo, pakamwa podziwa kuzimitsa moto, ndiponso dengu la chimanga cha m'nkhokwe njala ikavuta. Ndi chifukwa chake ankatinso akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nayenso sankangopereka. Ana a alongo ake ankamulimira, mawu ake sankagwa pansi, ndipo akakalamba ankadziwa kuti phala silisowa. Lero zambiri mwa nkhonyazi zasanduka ndalama, ndipo mutu sukukulanso ndi imvi koma ndi malipiro a pamwezi. Mtsikana wa zaka 26 amene wangoyamba unamwino ndiye wamkulu wa banja, ngakhale alongo ake aakulu alipo amoyo. Ndiye wogula feteleza, ndiye wolipira chipatala, ndiye wotumiza ya thiransipoti kuti agogo akaonedwe maso. Mtunda nawo udaleka kuteteza munthu. Amene ankapita ku migodi ya ku Joni ankatha kungoti zii zaka zambiri mpaka kutchedwa mtchona, chifukwa kalata inkayenda masabata. Lero pali Airtel Money, pali Mpamba, pali Mukuru, ndipo foni ikalira kamodzi n'kuduka umadziwiratu kuti ukaimba umva zakuti, "Ankolo, atibweza kusukulu."

Mpaka apa ndilibe nawo mkangano mwambiwu. Mwana wobwezedwa kusukulu ndi munthu, mayi wodwala ndi munthu, ndipo amene ali ndi kangachepe sangadzitchinjirize ndi manja n'kumati sindikuona. Ambiri a ife tidafika pamene tili chifukwa mutu wa wina udalandira nkhonya m'malo mwathu.

Mkangano wanga uli pa kubwereka mwambiwu kuti ukagwire ntchito kumene sudatumidwe. Pali mutu umene umakula chifukwa anthu akuutsamira, ndiye pali mutu umene mwini wake amaukuza yekha ndi katundu. Nkhonya zake zimapweteka mofanana, n'chifukwa chake timazisokoneza, koma kochokera kwake n'kosiyana.

Taonani galimoto. Munthu amaiona pa intaneti ili ku Japan, mtengo wake wooneka wofikirika. Amalipira, n'kudikira kuti itsike pa doko la Dar es Salaam. Kuchoka apo pali woiyendetsa mpaka pa Songwe, pali msonkho wa MRA umene nthawi zina umayandikira mtengo wa galimotoyo, pali kulembetsa nambala. Tsiku loyamba kuiimika pakhomo ana amavina, anansi amabwera kudzaigwira. Mwezi usanathe mwini wake amayamba kuphunzira kuti chinthuchi chimadya ngakhale chitangoima. Inshuwalansi imatha, COF imatha, matayala amatha, batire imafa m'mawa wa tsiku limene ukufulumira. Ukalowera ku Lilongwe kuchokera ku Blantyre, pa Chingeni pali geti yolipiritsa kuyambira 2021, ndipo kutsogolo pa Kalinyeke pali inanso. M'nyengo zimene mafuta akhala akusowa, anthu olemekezeka agona pa mizere ya pa filing'i siteshoni, kulondera chitsulo usiku wonse ngati wodwala wa m'chipatala. Ndipo mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, sipeyala aliyense wochokera kunja adakwera mtengo pamene malipiro adali pomwe adali.

Galimotoyo imalankhulanso. Imauza mudzi wonse kuti kuno zilipo. Mayi woyembekezera akayamba kumva zowawa usiku, ndi yako. Maliro a kwa apongozi a msuweni wako, ndi yako. Ukwati wa mwana wa mkulu wa mpingo, ndi yako, ndipo mafuta sawatchula. Zina mwa izi n'zabwino ndithu, pali ana ambiri amene adabadwira kuchipatala chifukwa cha galimoto ya mnansi. Koma chimene ndimaona kawirikawiri n'chakuti nkhonya za galimoto zikamaliza ndalama, amene amamva mawu akuti "pepani, mwezi uno zavuta" si makaniko. Makaniko amalipidwa, chifukwa akapanda kulipidwa galimoto situluka m'galaja. Amene amauzidwa kuti adikire ndi mwana uja wobwezedwa kusukulu. Kenako mwini galimoto amapukusa mutu n'kunena kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ngati kuti amene amutopetsa ndi abale.

Nyumba nayo ndi chimodzimodzi, kungoti imachita pang'onopang'ono. Banja la anthu asanu limajambulitsa pulani ya zipinda zisanu ndi ziwiri, ndipo zipupa zimaima pawindo kwa zaka, udzu ukumera m'chipinda chochezera, eni ake akulipirabe lendi kwina ndiponso akulipira munthu wolondera njerwa. Ikatha imafuna mpanda, mpanda umafuna waya pamwamba, geti imafuna mlonda, mlonda amafuna agalu, agalu amafuna gaga. Magetsi akazima, monga adazimira miyezi yambiri namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, firiji yodzaza nyama imafuna jenereta, ndipo jenereta imakubwezanso pa mzere wa mafuta. Pamene ndalama yaperewera pamabwera ngongole ya ku ofesi, kenako banki m'khonde, kenako katapila. Palibe malume amene adakusiyira zimenezi ngati udindo wa mbumba. Udasaina wekha.

Ngakhale boma lidalawako. Mu 2009 pulezidenti Bingu wa Mutharika adagula ndege ya mtundu wa Dassault Falcon, ndipo dziko la Britain lidadula thandizo lake ndi mapaundi 3 miliyoni posakondwa ndi kugulako. Ndege imafuna oyendetsa, inshuwalansi ndi kukonzedwa kaya yauluka kaya sidauluke. Joyce Banda atalowa m'boma adaigulitsa mu 2013 pa mtengo wa madola 15 miliyoni, ndipo za kumene ndalamazo zidapita anthu adakanganabe zaka zotsatira. Nyumba yachifumu imene Kamuzu Banda adamanga ku Lilongwe, ya zipinda pafupifupi 300, Bakili Muluzi sadakhalemo, ndipo idasanduka malo okumanira aphungu a Nyumba ya Malamulo kufikira Bingu adaitenganso mu 2004. Chinthu chikakula mopitirira, ngakhale dziko limayamba kusinkhasinkha kuti tichite nacho chiyani.

Maudindo nawonso alipo ongodzikundikira. Umalume sungautule pansi, ubambo sungalembe kalata youtsanzika. Koma utcheyamani wa komiti ya ukwati, usungichuma wa gulu la anzako a kusekondale, ukomiti wa chinkhoswe cha mwana wa bwana wako, izi munthu amavomera ndi pakamwa pake. Gulu lililonse lili ndi tsamba lake pa WhatsApp, ndipo tsamba lililonse lili ndi mndandanda wa amene apereka ndi amene sadapereke, wotumizidwa m'mawa uliwonse kuti manyazi agwire ntchito. Loweruka limatha munthu akuthamanga kuchoka pa perekaniperekani uyu kupita pa uyo, yunifolomu ya chitenje yosiyana paliponse, mayi ake omubala ali ku Ntchisi osawaona chaka chathunthu. Tikanena zoona, ena mwa maudindowa timawalandira chifukwa kuitanidwa kutsogolo kumakoma. Za anthu otere makolo adali ndi mwambi wina, wosapepesa konse: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Pano ndiyenera kuchenjera, chifukwa nkhani ya moyo wosalira zambiri imakoma kwambiri m'kamwa mwa munthu wokhuta. Alipo a m'tauni amene akatopa amati, "Ine ndingobwerera kumudzi, kumene kulibe mabilu." Apite mu Febuluwale akaone. Akaone mayi wodzuka nkhuku zisanalire kukaima pa mjigo, wobwera ndi mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri, wopita kukagwira ganyu m'munda mwa wina pamene wake ukulowa tchire, chitopa chitamaliza nkhuku zimene ankadalira kugulitsa. Umenewo si moyo wopepuka, ndi umphawi, ndipo umphawi ndi katundu wolemera kuposa galimoto. Kwa mayi ameneyu njinga, denga la malata, nyale ya sola ndi foni ya mabatani si zolemetsa. Ndi zinthu zimene zimamutula mtolo. Kumuuza kuti chuma n'chosautsa ndi chipongwe.

Ndiye palinso ena amene amabisala kumbuyo kwa mawu akuti ine sindifuna zambiri pamene vuto lawo ndi kuumira. Amasintha nambala ya foni, pa maliro amafika mwambo wa kumanda utatha, mwana wa mchemwali wawo akabwera kudzafuna sukulu amamuuza kuti nyumba ndi yaing'ono. Awa sadapeputse moyo, angosamutsira nkhonya zawo pamutu pa m'bale wina, kawirikawiri mlongo amene amalandira zochepa kuposa iwo.

Chimene ndikunena n'chapakati pa awiriwa, ndipo n'chovuta kuposa zonse ziwiri. Munthu ali ndi mutu umodzi, ndipo nkhonya zimene ungapirire zili ndi malire. Ukaudzaza ndi za zitsulo, njerwa ndi makomiti, za anthu zimaupeza utatupa kale. Amene wasankha nyumba ya zipinda zitatu m'malo mwa zisanu ndi ziwiri, kapena wakana mpando wachinayi wa komiti, sadalewe udindo wake. Wasunga mphamvu kuti foni ya usiku ija ikalira akhale ndi choyankha.

Katundu salekanso kumenya mwini wake akamwalira, amangosintha womenyedwa. Aliyense adaonapo maliro amene abale ena amalira diso limodzi lili pa firiji. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limanena momveka kuti kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu, komabe ambiri amaopa kulemba wilo poganiza kuti n'kudziitanira imfa, ndipo mapepala a mapuloti amakhala m'malo amene ankawadziwa malemu yekha. Wamasiye amatsala ndi nyumba yosatha, ngongole imene sankaidziwa, ndi milandu ya malire ndi anthu amene sadawaonepo. Ana amene akadakhala pasukulu amathera masiku m'makhonde a maofesi kutsatira mafayilo.

N'chifukwa chiyani tsono anthu sachepetsa, poti zonsezi amazidziwa? Chifukwa nkhonya imene timaiopa kwambiri ndi ya pakamwa. Munthu akagulitsa galimoto n'kuyamba kukwera minibasi, palibe amene amati wachita mwanzeru. Amati zamuthera. Akachoka ku Area 47 kukakhala nyumba yocheperako ku Area 25, akazi anzake a mkazi wake amayamba kufunsa mozungulira ngati bambo akadali pantchito. Akachotsa ana ku sukulu yodula n'kuwaika ku yotsikirapo, nkhani imafika kumudzi iye asanafike. Ambiri amalolera kugona ndi ngongole kusiyana ndi kumva mawu amenewa, ndipo sindiwaseka, chifukwa kwathu kuno ulemu ndi chuma chenicheni. Umathandiza pofunsira mwana mbeta, umathandiza pobwereka, umathandiza ngakhale pa malo amene akukhazika pa maliro.

Koma kunyozako kumatha msanga kuposa ngongole. Pakapita miyezi ingapo anthu amapeza wina womukamba. Ndipo mbumba, imene ena amaganiza kuti imalemekeza galimoto, imakhala ikuwerengera zina. Mlandu ukagwa amamuitanabe malume yemwe uja, atsike pa kabaza kapena pa Prado, ndipo funso limene amamufunsa akangokhala pamkeka ndi lakuti, "Nanga atsibweni, mwatitengera zotani pa nkhani ya mwanayu?"