Kucepetsa Thupi ndi Ukoma wa Kudziletsa



Makolo athu pomuona munthu wonenepa ankati ali pabwino, ndipo ife amene tinaona njala ya 2002 sitingawatsutse, pakuti tidziwa kuopsa kwa nkhokwe yopanda kanthu. Koma lero kwadza tsoka lina lobvala nkhope ya mwai. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amai 100 a zaka 15 kufikira 49 m'Malawi muno, 21 anali olemera kupitirira muyeso. Kulemera kotere kumaitana matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, kufa kwa ziwalo ndi kuphwanya kwa maondo. Bambo akagwa nazo, ndani adzalima munda ndi kulera ana?

Tsono gwero lace nciani? Agogo athu ankakwera zitunda wapansi popita ku Misa, nadya mgaiwa ndi nkhwani. Ife tikwera njinga yamoto ngakhale ulendo wa kutsidya kwa dambo. Tithira masupuni anai a shuga m'kapu imodzi ya tiyi. Fodya akagulidwa, ndalama zithera pa chipisi, kanyenya, mowa ndi zakumwa zotsekemera pa Mponela. Cimene thupi lalandira osacigwiritsa nchito, limacisunga ngati mafuta.

Eklezia anaidziwa kale nthenda imeneyi, naika dyera pakati pa macimo akulu 7. Papa Gregory Wamkulu, amene anamwalira m'caka ca 604, anaphunzitsa kuti dyera limkola munthu m'njira zisanu: kudya nthawi isanakwane, kufuna za mtengo wapatali zokhazokha, kunyada nako kaphikidwe, kupyola muyeso, ndi kudya mosusuka. Kumbukani Esau, amene anagulitsa ukulu wace ndi mbale ya mphodza. Komatu tisaweruze: si wonenepa aliyense ali wadyera, pakuti ena ndi cibadwa, ena ndi matenda kapena mankhwala. Aliyense ayang'ane mbale yace.

Kodi njira yobwerera ilipo? Inde, ilipo. M'caka ca 2017 madotolo a ku Glasgow ndi Newcastle analengeza za odwala shuga onenepa amene anawacepetsera cakudya kwambiri powayang'anira. Patatha caka cimodzi, mwa odwala 100 alionse, 46 anali ndi shuga wotsika osamwanso mankhwala. Ndipo mwa amene anataya makilogalamu 15 kapena kuposa, anali 86 mwa 100. Taonani mphamvu imene Mulungu anaika m'kudziletsa!

Kwa ife a kumudzi njira yace ndi iyi. Amene adya mitanda inai ya nsima adye iwiri, ndipo ikhale ya mgaiwa. Ndiwo za masamba zicuruke: bonongwe, cisoso, khwanya, pamodzi ndi nyemba kapena usipa. Mafuta, mcere ndi shuga zicepe. Ludzu liphedwe ndi madzi. Bungwe la World Health Organization lilangiza akulu kugwiritsa thupi nchito mphindi 150 kapena kuposa pa mlungu, ndiye kuti theka la ora masiku asanu. Pitani wapansi ku mphakati, korona m'manja. Musathamangire zozizwitsa za ogulitsa mankhwala pa msika: theka la kilogalamu pa mlungu likwanira, ndipo pa caka lipitirira makilogalamu 20. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Koma pali mwala wokhumudwitsa, ndiwo lilime lathu. Ciyambire zaka za Edzi, munthu akayamba kuonda anthu amanong'onezana pa citsime kuti wagwidwa ndi kaliwondewonde; ena anena kuti mkazi wace samphikira, ena kuti walodzedwa. Poopa miseceyo, wodwala shuga abwerera ku mbale yodzaza, nafupikitsa moyo wace. Abale anga, uku ndi kulakwira lamulo lacisanu ndi citatu, ndipo amene akankhira mnzace kumanda ndi pakamwa walakwiranso lacisanu. Mlendo akakana mtanda wacitatu, musamkakamize ngati wanyoza nyumba yanu. Ndipo ngati wina adwaladi, ayenera cifundo cathu, osati kuseka.

Inu aphunzitsi a katekisimu, cenjezaninso anthu za ici. Kuonda kodza kokha, munthu asanasinthe kadyedwe, si dalitso ai, makamaka ngati pali cifuwa, ludzu losatha kapena kutuluka thukuta usiku. Wotereyo afulumire ku cipatala. Amene amwa mankhwala a shuga kapena a magazi asasale kapena kuleka mankhwala osafunsa dotolo. Amai apakati, oyamwitsa ndi ana asacepetseredwe cakudya.

Potsiriza, funsani mtima: ndicitira yani? Wocepetsa thupi kuti anthu amtame walandira kale mphotho yace. M'caka ca 1966 Papa Paul VI anapeputsa lamulo la kusala, natisiyira masiku awiri, Lacitatu la Phulusa ndi Lacisanu Loyera, koma sanacotse udindo wa kulapa. Anatipempha kuti pemphero, kusala ndi cifundo ziyendere limodzi. Mneneri Yesaya, m'mutu 58, aphunzitsa kuti kusala kokondweretsa Mulungu ndiko kugawana cakudya ndi wanjala. Lenti imagwa pa nthawi imene nkhokwe zambiri zapepuka, cimanga cisanakhwime. Ufa umene mwapungula pa mphika wanu uikeni pambali tsiku ndi tsiku, ndipo Loweruka muupereke kwa wamasiye wa m'mudzi mwanu. Potero thupi lanu lidzapepuka, mbale wanu adzakhuta, ndipo Paulo Woyera, amene anawakumbutsa Akorinto kuti Mzimu Woyera akhala m'matupi mwao, sadzakhala atalankhula cabe.

Ambuye Yezu, amene munasala masiku 40 m'cipululu, tipatseni mphamvu ya kulamula mimba zathu ndi malilime athu. Amen.