Kodi Tikonze Chakale, Kapena Tigule Chatsopano?

Abale athu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, pali mlandu umene wayamba kumveka m'nyumba zathu kuno ku Chintheche, ndipo tifuna tiuweruze pamodzi. Ena a ife ali nayo kompyuta yonyamula m'manja imene aitcha laputopu. Wina anaigula ku Mzuzu. Wina anatumiziridwa ndi mwana wake wa ku Johannesburg, itagwira kale ntchito zaka zingapo kwa mwini wake woyamba. Mphunzitsi alembamo mayeso, mlembi wa gulu la asodzi asungamo mawerengero a ndalama, mwana wa sukulu awerengamo maphunziro ake. Tsono ikakalamba, niyamba kuchedwa poyaka, batire lake nilitha mphamvu ola lisanakwane, mwini wake afunsa kuti, Kodi ndiikonzetse, kapena ndigule ina? Funso ili lioneka ngati la amisiri okha, koma likhudza ndalama za banja ndi mtima wa munthu.

Tiyambe ndi nzeru imene tili nayo kale. Msodzi akaona ukonde wake wang'ambika, sayamba kuwerenga zaka zake. Autambasula pamchenga, nakoka ulusi ndi zala kuti aone ngati ukali wolimba. Ukakhala wolimba, asoka pong'ambikapo, nabwerera kunyanja. Koma ulusi ukafooka ndi dzuwa, asoka lero, mawa pang'ambika pena, ndipo usipa wonse upulumuka. Pamenepo wanzeru aleka kusoka. Chomwecho chiweruzo chake chili pa ulusi.

Laputopu nayonso ili ndi ziwalo za mitundu iwiri. Zina zichotsedwa ndi kuikidwa zina mosavuta. Batire ndi chimodzi cha izo. China ndi nkhokwe yosungiramo zolembedwa: m'makina akale muli hard disk, imene ili ndi mbale yozungulira m'kati, ndipo ichedwa, koma mmisiri akaikamo nkhokwe yotchedwa SSD, imene ilibe kanthu koyenda, makina amene anali kuyaka mwaulesi ayaka msanga. Chachitatu ndi RAM, imene tingaifanizire ndi thandala loyanikapo usipa: likakhala laling'ono muyanika pang'onopang'ono, ntchito nichedwa. Makina a RAM ya 4 GB akapatsidwa 8 GB apepukidwa ndithu. Ndipo kawirikawiri nthenda yake ndi fumbi lokha lotseka njira ya mphepo, makina natentha. Mankhwala ake ndi kupukuta.

Koma pali chiwalo china chimene chili ngati ulusi wa ukonde, ndicho bolodi lalikulu lotchedwa motherboard, pamene pakhala purosesa. Dziko lathu la Nkhata Bay ndi la mvula yambiri, ndipo chinyezi chikadya bolodilo, mtengo wa kulikonza ungayandikire mtengo wa makina ena athunthu. Dziwaninso kuti m'malaputopu ena RAM anaiwotcherera pabolodi, ndipo siwonjezeka. Chifukwa chake funsani mmisiri atsegule naone musanapereke ndalama.

Palinso nkhani ya mapulogalamu. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale, ndipo makina ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018 saloledwa kulandira Windows 11. Izi zaopsa anthu, nayesa kuti makina awo afa. Sanafe ayi. Ilipo njira ina yotchedwa Linux, monga Ubuntu ndi Linux Mint, imene ipatsidwa kwaulere, niyenda bwino pamakina akale. Wolemba makalata ndi wowerenga pa intaneti imkwanira. Koma iye amene ntchito yake ifuna pulogalamu yoyenda pa Windows yokha ayambe wafunsa.

Tsopano tifike pa mtima wa mlandu. Pali zolakwa ziwiri, ndipo zonse zibisala m'mawu okoma. Choyamba ndi manyazi. Munthu aona mnzake ali ndi makina opyapyala onyezimira, nayamba kunena kuti ake atha, chinkana akali kugwira ntchito yonse imene anawagulira. Makina awa onse achokera kunja, ndipo kuyambira pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu November 2023, mitengo yake inakwera koposa. Ndalama yogulira chatsopano ichokera penapake: pa fizi ya mwana, pa malata a denga, pa mankhwala a agogo. Munthu amene akongola kuti aoneke, agula ulemu wa tsiku limodzi ndi njala ya ana ake.

Cholakwa chachiwiri ndi kuumira kumene kudzitcha kusamala. Wina akana kuvomereza kuti bolodi lafa. Mwezi uno alipira mmisiri, mwezi wamawa alipiranso, kufikira ndalama zotayikazo zikadagula makina ena abwino. Choipa koposa, tsiku lina makina azima osayakanso, ndipo mayina a ana a sukulu kapena mawerengero a gulu atayika nawo. Amene asunga zinthu za anthu ena m'makina ake alibe ufulu wa kuumira chotere. Ndipo aliyense, wokonza ndi wogula yemwe, akopere zolembedwa zake pa fulashi.

Taonani sitima ya Ilala imene iima pa doko la Nkhata Bay. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, niyamba kuyenda panyanja yathu mu 1951, ndipo yanyamula anthu ndi katundu zaka zoposa 70. Yakhalitsa chifukwa amisiri a ku Monkey Bay akhala akuiyang'ana ndi kuikonza. Palibe wanzeru amene anaitaya chifukwa utoto unasuluka. Komanso palibe wanzeru amene angakweze anthu m'chombo chimene thupi lake laboola, pongofuna kulemekeza ukalamba wake.

Chatsala chimodzi: chakale chipita kuti? A bungwe la United Nations anawerengera kuti mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera sizinafike gawo limodzi la magawo anayi. M'makina otere muli zitsulo zina zapoizoni, ndipo batire lake likabooledwa kapena kuponyedwa pamoto liyaka moopsa. Ife timwa madzi a nyanja iyi, ndi kudya nsomba zake. Makina akale tisawataye kudzala kapena kugombe. Akakhala akuyenda, tipatse mwana amene alibe. Akafa, tipereke kwa mmisiri achotsemo ziwalo zamoyo.

Chomwecho, abale, chiweruzo chathu ndi ichi. Tifunse poyamba ngati bolodi likali lamoyo. Tifunsenso ngati makinawo, atakonzedwa, adzakwanira ntchito imene tili nayo. Pomaliza tifunse ngati mtengo wa kukonza uchepa kwambiri poyerekeza ndi wa kugula. Mayankho onse atatu akakhala inde, tikonze, ndipo tisachite manyazi ndi makina okalamba. Limodzi likakhala iyayi, tisonkhe ndalama pang'onopang'ono, tigule osalowa m'ngongole yolemetsa banja.